Gombe liti la masiku 4 kuchokera ku Johannesburg? Zolemba za ulendo wa ku KwaZulu-Natal

Lolemba: msewu wa N3

Abale ndi alongo okhala kuno ku Joni, tchuthi chikayandikira funso limakhala lomweli: tili ndi masiku 3 kapena 4 okha, ana akufuna kukaona nyanja ya mchere, tilowere kuti? Sabata ino ya mwezi wa Meyi tikuyenda m'matauni a m'mphepete mwa nyanja, kumpoto ndi kum'mwera kwa Durban, ndipo madzulo aliwonse tizilemba zimene taona.

Malo ena tiwachotseretu. Cape Town ili pa makilomita pafupifupi 1,400 pa N1, ndiye kupita ndi kubwera kokha kumadya masiku 2 athunthu. Madzi a ku Clifton ndi Camps Bay, magombe a kumeneko, ndi ozizira zedi, mwana amalowa mphindi ziwiri n'kutuluka akunjenjemera. Gqeberha nayo ipitirira makilomita 1,000. Ku Durban ndi makilomita pafupifupi 570, maola 6 kapena 7 ndi kupumira komwe, ndipo madzi ake ndi ofunda chaka chonse, cha m'ma 21 digiri nthawi yozizira ndi cha m'ma 26 nthawi yotentha.

Ena amakonda Ponta do Ouro ku Mozambique, makamaka chitsegulireni mlatho wa Maputo–Katembe ndi msewu wa tala mu 2018. Malo ndi okongoladi, koma pali boda. Amene masiku ake apitirira pa pasipoti kapena pa pemiti adziwe kuti, malinga ndi malamulo a 2014, akatuluka m'dziko muno amaletsedwa kubwerera kwa chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, ndi zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Ku KwaZulu-Natal kulibe boda, komabe pasipoti ndi pemiti zikhale m'chikwama, chifukwa nthawi ya tchuthi apolisi amatseka msewu pafupipafupi.

Tanyamuka 4 koloko m'mawa. Pa N3 pali ma toll gate 5, ofanana ndi a pa Chingeni kwathu kuja: De Hoek pafupi ndi Heidelberg, Wilge pa Villiers, Tugela, Mooi, ndi Mariannhill polowa mu Durban. Onse pamodzi, galimoto yaing'ono imalipira ndalama zoposa R300 ulendo umodzi, ndipo mitengo imakwera chaka ndi chaka. Petulo muwerengere motere: makilomita 1,140 kupita ndi kubwera, kuonjezapo 200 oyendayenda konko. Galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 ifuna malita pafupifupi 95.

Pumirani pa Harrismith, pomwe ndi pafupifupi theka la ulendo, ndipo woyendetsa atsitsimuke bwino chifukwa kutsogoloko kuli Van Reenen. Msewu umatsetsereka ndi makona, mathiraki amakhala ndondondo, mphepo imakankha galimoto cham'mbali, ndipo nkhungu imatha kutseka mwadzidzidzi. Tsikani ndi giya yotsika. Mukamangoponda mabuleki njira yonse amatentha, amayamba kununkha, kenako amaleka kugwira. Mu Seputembala 2024 chipale chofewa chinatseka dera lomweli ndipo anthu anagona m'magalimoto, choncho bulangete ndi madzi akumwa zisasowe ngakhale mukupita kotentha. Chitsetse china chovuta ndi Town Hill polowa mu Pietermaritzburg.

Opanda galimoto, mabasi a usiku ochokera pa Park Station amafika mu Durban kukucha, ndipo simuwononga tsiku. Ndege kuchokera pa OR Tambo kukatera pa King Shaka ndi ola limodzi, koma bwalolo lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndiye limakomera wopita ku Umdloti kapena Ballito kuposa wopita kum'mwera.

Lachiwiri: Durban, ndi madzi enieniwo

Ambiri a ife tinaphunzira kusambira ku Senga Bay, ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena pamtsinje wa kumudzi. Luso limenelo ndi lenileni, koma nyanja iyi ndi ina. Ku nyanja ya kwathu mwera ukaleka madzi amagona. Kuno mafunde saleka ngakhale kunja kuli bata, chifukwa amachokera kutali, ndipo madzi onse amene aponyedwa pamchenga ayenera kupeza pobwererera. N'chifukwa chake ife timati tauni musaisankhe poona chithunzi cha chipinda. Yambani mwafunsa kuti anthu anu akasambira pati.

M'mawa uno tinaima pa kamlatho kolowa m'nyanja pa North Beach kuti tione madzi kuchokera pamwamba. Mafunde amasweka moyera kumanzere ndi kumanja, koma pakati pamakhala kanjira ka madzi odera, osalala, opanda thovu lambiri, ndipo tizinyalala ndi mchenga zikuyenda kulowera kunyanja. Kanjirako ndi kamene zikwangwani zimati rip current. Munthu wosadziwa amasankha pomwepo, poti pakuoneka podekha, n'kulowetsapo ana. Pamenepo ndiye pokoka. Kakakugwirani musalimbane nako kuti mubwerere kumtunda molunjika, mungatope n'kumira. Yandamani chagada, kwezani dzanja limodzi kuti akuoneni, ndipo sambirani cham'mbali motsatira gombe mpaka mutatulukamo. Kanjirako sikakhala kotakata kwambiri.

Opulumutsa anthu amazika mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu, ndipo posambira ndi pakati pa mbenderazo basi. Amazisuntha tsiku likamapita chifukwa madzi okokawo amasunthanso. Akaweruka madzulo, kusambira kwatha. Ngozi zambiri zimachitika mbandakucha ndi chisisira, komanso kwa amene amwako mowa, umene ndi woletsedwa pagombe pamodzi ndi mabotolo agalasi. Nambala ya NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, ndi 087 094 9774, kapena imbani 112 pafoni ya m'manja. M'magombe ambiri apachika choyandamira cha pinki pamtengo. Wina akamakokedwa, mponyereni chimenecho, musalowe chimanjamanja.

Amayi, chitenje chimene timalowa nacho m'madzi ku Salima kuno n'choopsa. Funde limachikulunga m'miyendo ndipo simungaponde. Valani kabudula wothina ndi malaya opepuka, chitenje chidikire pamchenga. Jinzi nayo ikanyowa imalemera. Chubu cha tayala ndi zoyandamira zopopa mpweya zimatengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa mmene munthu angasambirire.

Mu Durban momwemo, mafunde ofatsa ali kum'mwera kwa gombe, cha ku Addington ndi uShaka, pafupi ndi polowera sitima padoko. Khwalala la oyenda pansi ndi lalitali makilomita pafupifupi 8, lathyathyathya, labwino kwa agogo ndi ana. Zakudya n'zotchipa, bunny chow imodzi, buledi wobowola pakati wodzazidwa ndiwo, imakhutitsa munthu wamkulu, ndipo wobwera pa basi safunikira galimoto. Vuto ndi ukhondo wa madzi. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400, anaononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa, ndipo kuyambira pamenepo magombe ena akhala akutsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi kuchuluka kwa tizilombo ta E. coli. Khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, imalengeza magombe otsegula ndi otseka, ndiye onani tsiku lomwelo, osati sabata yatha. Oyandikira mathiriro a mtsinje wa uMngeni ndiwo amavuta kawirikawiri. Usiku musayende ndi foni m'manja m'misewu ya kuseri kwa mahotela.

Lachitatu: uMhlanga, Umdloti, Ballito

uMhlanga ndi mphindi 20 kuchokera mu Durban pa M4. Pali nsanja yofiira ndi yoyera ya nyali yotsogolera sitima, yomangidwa mu 1954, khwalala laukhondo, ndi sitolo zazikulu za Gateway pamwamba pa phiri. Kugonako n'kodula, ndipo mchenga wake ndi wotsetsereka kotero funde limasweka pafupi penipeni ndi kumtunda, n'kumugwetsa munthu chafufumimba. Kwa banja losunga ndalama, ndi malo okaonako masana.

Chimene tadzera kumpoto kuno ndi maiwe a m'miyala, amene zikwangwani zimati tidal pool. Ndi malo amene miyala, yachilengedwe kapena yomangidwa ndi simenti, imatchinga mafunde, madzi a m'nyanja n'kumalowa ndi kutuluka okha. Kwa munthu wozolowera nyanja ya kwathu, dziwe lotere ndilo limapangitsa ulendo kukoma, chifukwa mwana amasewera m'madzi a mchere enieni popanda chomukoka.

La ku Umdloti ndi lalikulu, lotchingidwa ndi mzere wa miyala yachilengedwe. Tinafika madzi ataphwa: kuya kwake kofika m'chiuno, pansi pakuoneka, tinsomba tamizeremizere tikuzungulira miyendo ya ana, mafunde akusweka kuseri kwa miyala. Patapita maola 4 malo omwewo anali atasintha, madzi akudumpha miyala ija n'kumatuluka mwamphamvu pampata wa kumapeto. Dziwe limateteza madzi akaphwa, osati akadzaza.

Ndiye phunzirani nthawi zake. Nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kuchoka podzaza kufika pophwa ndi maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amaphwa kwambiri ndi kudzazanso kwambiri, kusiyana kwake pafupifupi mamita 2. Masiku amenewo kuno amaphwa cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa n'kudzaza cha m'ma 3 kapena 4 masana. M'mawa ndi mwabwino kudziwe, koma madzi okoka aja amakhalanso amphamvu masiku omwewo kwa osambira kunja kwa dziwe. Nthawizi zimapezeka pa intaneti mukalemba dzina la tauni ndi mawu akuti tides. Ana avale nsapato za pulasitiki, m'ming'alu ya miyala mumakhala tinthu takuda taminga ngati kanungu, ndipo minga yake imathyokera m'phazi.

Umdloti ndi kakang'ono, kamsewu kamodzi kotsata gombe, poimika galimoto pamadzaza msanga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo sitolo ndi zochepa. Ballito ndi tauni yathunthu, mumadutsa toll gate ya oThongathi pa N2. Willard Beach ili ndi opulumutsa anthu, ndipo Thompson's Bay ili ndi dziwe lalikulu lomangidwa. Koma Ballito inamangidwa pachitunda. Nyumba yolembedwa kuti ili mamita 500 kuchokera kunyanja ikhoza kukhala pamwamba pa chikweza chimene agogo sangakwere ndi dzuwa la masana, ndipo ku Thompson's Bay kumatsikidwa ndi masitepe. Tsegulani mapu a pafoni muone njira ya wapansi, musakhulupirire mamita okha.

Lachinayi: Scottburgh

Usiku kunagwa mvula, ndipo yatithandiza kuona chinthu chimene zithunzi za otsatsa sizionetsa. Gombe la kum'mwera lili ndi mitsinje yambirimbiri, ndipo pa mlatho uliwonse wa N2 lero timaona madzi ofiira akulowa m'nyanja n'kutambalala motsata gombe. Madzi otere amabwera ndi zinyalala ndi zonyansa za kumtunda. Mvula yamphamvu ikagwa, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo musasambire pa mathiriro. M'maiwe a madzi opanda mchere a m'mbali mwa mitsinjeyi, momwe ana amathamangira poti mulibe mafunde, mukhoza kukhala likodzo monga kwathu. Mvula kuno imachuluka kuyambira Okutobala mpaka Marichi.

Amanzimtoti tangodutsa. Ndi yapafupi ndi Durban, ya nyumba zosanja zambiri, ndipo mitengo yake ndi yofikirika.

Scottburgh ili makilomita pafupifupi 60 kum'mwera kwa Durban. Mukamachokera ku Johannesburg simulowa mumzinda, mumakhota kuchoka pa N3 kulowa N2, ndipo palibenso toll gate ina. Ubwino wake ndi woti zonse zili pamodzi: gombe la opulumutsa anthu, dziwe lomangidwa, ndi kapinga wotsetsereka pamwamba pa mchenga pomwe banja limayala mphasa, agogo n'kumaona ana ali pansi. Sitolo za mu Scott Street ndi zofikirika wapansi, chipatala cha boma cha GJ Crookes chili m'tauni momwemo, ndipo pali malo a matenti ndi makalavani m'mbali mwenimweni mwa nyanja. Mtsinje wa Mpambanyoni umathira pambali pa gombe lomwelo, ndiye lero madzi anali ofiirira. Ndicho chilema chake.

Masana mphepo ya kumpoto chakum'mawa inayamba, monga imachitira masiku ambiri, ndipo inabweretsa ma bluebottle. Ndi kathumba ka buluu koonekera mkati, kakakulu ngati chala chachikulu, kokhala ndi ulusi wautali umene umaotcha ngati chitedze champhamvu. Tinatiwona titandandalika pamzere umene funde lasiya, ndipo ngakhale takufa timaotchabe. Mwana akaotchedwa musapukute ndi mchenga kapena thaulo, mukufalitsa ululu. Chotsani ulusiwo, tsukani ndi madzi a m'nyanja, kenako viikani malowo m'madzi otentha amene khungu lingapirire kwa mphindi 20. Akayamba kubanika kapena kutupa nkhope, thamangirani kuchipatala. Kusambira kwabwino ndi kwa m'mawa mphepo isanadzuke.

Za nyumba. Kwa anthu 5 kapena 6, nyumba yodziphikira nokha imatchipa kuposa zipinda za hotela. Akalemba kuti ndi ya anthu 6, ana amawerengedwa, ndipo alonda a pageti amabweza opitirira nambala. Ufa ulipo m'sitolo iliyonse, koma mapoto a m'nyumba zimenezi ndi ang'onoang'ono, opyapyala, nsima imapserera pansi. Nyamulani poto wanu, mthiko ndi chipande. Funsani ngati pali ndalama ya chikole cha zinthu zosweka ndi tsiku limene amabweza. Mawindo a kukhitchini atsekeni mukamatuluka ngakhale muli pamwamba, apusi amalowa n'kutenga buledi ndi nthochi. Ndipo chenjerani ndi otsatsa nyumba pa Facebook amene amafulumizitsa dipoziti. Ena amaba zithunzi za nyumba za eni, banja limafika ndi katundu n'kupeza kuti mwini wake sakudziwa kanthu. Pezani nambala ya ofesi ya nyumbayo panokha, imbani, tsimikizani dzina la mwini ndi nambala ya chitseko musanatumize kalikonse.

Lachisanu: Uvongo, Margate, Ramsgate

Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Margate ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo pa Port Shepstone pali toll gate ya Oribi. Pa ulendo wa masiku 3, maola oonjezerawo amamveka m'thupi. Pa masiku 5 kapena sabata, dera lino ndi lokoma, chifukwa magombe ali pafupipafupi ndipo limodzi likada ndi mvula mumasamukira lina.

Ku Uvongo mathithi a mamita 23 amagwera m'dziwe lalikulu kuseri kwa gombe, pakati pa matanthwe. Ndi pokongola kwambiri pa malo onse amene taona sabata ino. Anyamata asadumphe kuchokera pamatanthwepo, pansi pamadzi sipaoneka. Margate ndi ya phokoso, nyimbo, malo odyera ndi achinyamata. Ofuna bata apitirire ku Ramsgate kapena Marina Beach, magombe amene kwa zaka zambiri akhala akulandira mbendera ya Blue Flag, yoperekedwa chaka ndi chaka kwa gombe la madzi oyezedwa, zimbudzi ndi opulumutsa anthu.

Dera lino lakhala likuvutika ndi kuduka kwa madzi a pampopi, nthawi zina masiku angapo, makamaka alendo akachuluka. Funso loyamba kwa mwini nyumba likhale lakuti: muli ndi thanki ndi pampu? Banja lochokera kumchenga ndi mchere, kupeza kubafa ndi kuchimbudzi kopanda madzi, tchuthi chimasanduka ntchito yotunga.

Mu Juni ndi Julayi kumabwera nsomba za sardine zambirimbiri kuchokera kum'mwera, zokulirapo kuposa usipa, ndipo zikakankhidwira kumtunda anthu amatapa ndi ndowa. Pambuyo pake pamatsata ma dolphin, mbalame ndi shaki. Bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board limachotsa maukonde otchinga shaki kuti nyama zisakodwe, ndiye kusambira kumaletsedwa, nthawi zina masabata angapo, ndipo kumayambira kum'mwera kuno. Wofuna kuona nsomba abwere miyezi imeneyo. Wofuna kusambira apite kumpoto kapena asankhe tauni ya dziwe.

Owedza, nyanja iyi imafuna pemiti ngakhale muli ndi mbedza imodzi pamwala, ndipo nsomba zogwidwa ndi pemiti yosangalalira sizigulitsidwa. Shad, imene anthu ambiri amawedza kuno, ndi 4 zokha pa munthu pa tsiku, yosachepera masentimita 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala siigwidwa n'komwe. Powedza pamiyala musafulatire nyanja.

Loweruka: kubwerera

St Lucia sitinafikeko ulendo uno, ndipo tachita dala. Ili kutali kumpoto kwa Durban, m'paki ya iSimangaliso, imene inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Mvuu zimayenda m'misewu ya m'tauni usiku, m'madzi a pamathiriro muli ng'ona, ndipo posambira pabwino ndi ku Cape Vidal, makilomita oposa 30 mkati mwa paki, kolowa molipira. Njira yachidule yodzera ku Ermelo, eMkhondo ndi Pongola imadzaza mathiraki a malasha opita ku Richards Bay. Ndi ulendo wokaona nyama, umafuna masiku ake.

Kusankha kwathu ndi uku. Banja la ana ndi agogo, la galimoto imodzi ndi masiku 4, lipite ku Scottburgh, kupatula ngati kwalengezedwa mvula yambiri. Obwera pa ndege, kapena amene ali ndi ndalama yoonjezera, Umdloti. Obwera pa basi opanda galimoto, Durban cha ku Addington, ataona kaye kuti gombe ndi lotsegula. Margate ndi anzake asungireni tchuthi chachitali.

Mwezi umasintha zonsezi. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka sabata yoyamba ya Januwale mitengo imakwera kwambiri, eni nyumba ambiri salola masiku ochepera sabata, ndipo pa 16 ndi 26 Disembala ndi pa 1 Januwale pamchenga sipapondeka. Ana amasowa masiku amenewo, ndiye mwana aliyense avale kachingwe pamkono kolembedwa nambala ya foni ya kholo. Febuluwale ndi wa chitungu chosagonetsa. Kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, Isitala itapita, madzi amakhala akadali ofunda, mvula yachepa, nyumba zatsika mtengo. Kungoti dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, choncho tsiku liyambe molawirira.

Thirani petulo musanachoke kunyanja, ndi wotchipirako kuposa wa ku Gauteng. Onani madzi a mu injini ndi mpweya wa tayala la sipeya, chifukwa kuchokera pagombe kufika ku Johannesburg galimoto ikukwera mamita oposa 1,700, ndipo yodzaza anthu ndi katundu imatentha pa Town Hill kapena pa Van Reenen. Lamlungu ndi tsiku lomaliza la tchuthi mizere ya pa Mooi ndi Tugela imatalika kuyambira cha m'ma 10 koloko, ndiye nyamukani 5 koloko m'mawa kapena bwererani Loweruka monga tachitira ife. Mukafika tsukani galimoto ndi kunsi komwe, mchere wa kunyanja umadya chitsulo.